Mmene mungatetezere galu wanu ku kutentha kwa chilimwe kuno ku Mangochi

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mvula itakhazikika mu Disembala, dera lathu lino la kumunsi kwa nyanja limatentha kwambiri, ndipo masiku amene kutentha kumadutsa madigiri 35 si achilendo kwa munthu wokhala pa boma, ku Monkey Bay, ku Makanjira kapena m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Tili m'chigwa chotsika, n'chifukwa chake munthu wochokera ku Namwera amamva mpweya ukusintha akangotsetsereka phiri. Anthufe timadziwa pothawira dzuwa likakwiya, koma galu amene tamusunga pakhomo amadalira zimene mwini wake wamukonzera.

Galu woyendayenda momasuka safa kawirikawiri ndi dzuwa, chifukwa amadzifunira yekha mthunzi, amakumba kadzenje pansi pa nkhokwe, ndipo amagona masana onse osadzivutitsa. Amene amafa ndi uja tamumanga pa unyolo, tamutsekera m'kakhola ka malata, kapena tamuthamangitsa pambuyo pa njinga dzuwa lili paliwombo. Choncho malangizo onse amene ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi, yakuti mukamulanda galu ufulu wodzisankhira pokhala, udindo wa mthunzi wake ndi madzi ake wagwera pa inu.

Yambani ndi kudziwa mmene galu amaziziritsira thupi lake

Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta thupi lonse, ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha. Galu amatuluka thukuta lochepa kwambiri kunsi kwa mapazi, ndipo silokwanira kumuziziritsa. Njira yake yaikulu ndi kupuma mwawefuwefu atatulutsa lilime, pakuti mpweya ukamadutsa mofulumira pa lilime, m'kamwa ndi m'mphuno monyowa, chinyezicho chimauma n'kuziziritsa magazi oyenda m'malo amenewo. Njira yachiwiri ndi kugoneka mimba, imene ili ndi ubweya wochepa, pa dothi lozizira.

Kupuma kotereku kumadya madzi ambiri a m'thupi, ndipo kumasiya kuthandiza mpweya wozungulira galuyo ukakhala wotentha ngati thupi lake lomwe kapena ukakhala wodzaza chinyezi. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa mvula zoyamba zikagwa mu Novembala. Timaona mitambo n'kuganiza kuti zoopsa zatha, chonsecho tsiku la mitambo, lopanda mphepo, lonyowa ndi lofunda, ndi limene malovu a galu sauma, ndipo amapuma mwamphamvu osapeza mpumulo.

Thupi la galu wathanzi limatentha pakati pa madigiri 38 ndi 39, ndipo likafika pa madigiri 41 ubongo, impso, chiwindi ndi matumbo zimayamba kuwonongeka. Pakati pa moyo wabwino ndi ngozi pali madigiri awiri okha, ndipo galu wotsekeredwa angawadutse ola limodzi lisanathe.

Agalu athu a makolo, a ubweya waufupi, opyapyala ndi a mphuno zazitali, amapirira kutentha kuposa mitundu yobwera, ngakhale nawonso ali ndi malire. Amene ayenera kuyang'aniridwa mwapadera ndi a mphuno zazifupi monga Boxer, Bulldog ndi Pug, a matupi aakulu monga Boerboel ndi Rottweiler, a ubweya wambiri monga German Shepherd, komanso galu aliyense wonenepa, wokalamba, wakuda bii, wa bere, woyamwitsa kapena amene wangochira kumene. Ana a galu nawo satha kudzisamutsa dzuwa likawapeza. Galu amene mwangomugula kuchokera kumalo ozizira monga ku Blantyre, ku Dedza kapena ku Mzuzu amafunika masabata angapo kuti thupi lake lizolowere kuno, ndipo pa nthawi imeneyo musamugwiritse ntchito yolemetsa.

Konzani khola ndi pomangirira chilimwe chisanafike pachimake

Mabanja ambiri amene amasunga galu wolondera ali ndi kakhola kakang'ono ka njerwa kapena matabwa, kofolera ndi lata limodzi, kokhala ndi chitseko ndi kabowo kamodzi, ndipo galu amatsekeredwamo kuyambira mbandakucha mpaka usiku poganiza kuti akamapanda kuona anthu adzakhala wolusa. M'mwezi wa Okutobala kakhola kotere kamakhala ngati uvuni wophikira buledi. Ndikupemphani kuti mukadziyesere nokha. Cha m'ma 1 koloko masana kalowetseni mutu ndi mapewa m'kakholamo, mukhale choncho kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo zimene mudzamve ndi zimene galu wanu amamva tsiku lonse atavala ubweya. Ndinenenso poyera kuti kuzunzika ndi kutentha sikumupanga galu kukhala mlonda wabwino. Galu amene wakhala akulimbana ndi mpweya masana onse amatuluka usiku ali wolefuka, amathamangira kukafuna madzi, kenako amagona tulo tofa nato pa nthawi imene inu mukuyembekeza kuti akulonderani.

Ngati mungathe kusamutsa khola, lisamutsireni pansi pa mtengo wa masamba ambiri m'chilimwe, monga wa mango, nimu kapena bwemba. Msangu nawo ndi wabwino, chifukwa umakhala ndi masamba m'nyengo youma. Musadalire mlambe, ngakhale uli waukulu chotani, pakuti nyengo imeneyi umakhala utayoyola masamba. Pewaninso kumanga khola motsamira khoma la njerwa loyang'ana kumadzulo, chifukwa khoma lotero limamwa dzuwa masana onse n'kumatulutsa kutenthako mpaka usiku.

Ngati kusamutsa n'kosatheka, konzani limene lilipo. Choyamba kwezani denga kuti pakhale mpata waukulu pakati pa lata ndi msana wa galu ataimirira. Kenako folerani udzu wochindikala kapena masamba a mgwalangwa pamwamba pa latalo, ndipo ngati mungathe siyani kampata pakati pa udzu ndi lata kuti mphepo izidutsa. Amene ali ndi laimu kapena penti yoyera apake pamwamba pa lata, chifukwa choyera chimabweza dzuwa. Pomaliza gumulani mbali ziwiri zoyang'anizana za khomalo n'kuikamo waya wa sefa kapena nsungwi zotalikirana, kuti mpweya uzilowa mbali imodzi n'kutulukira inayo. Khola lokhala ndi khomo limodzi lokha silizizira ngakhale mutalifolera bwino motani. Kunena zoona, chisakasa cha udzu chotseguka mbali zonse, chozunguliridwa ndi mpanda, chimaposa kakhola kokongola ka simenti ndi malata, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Kwa galu womangidwa, vuto lalikulu ndi lakuti mthunzi umayenda. Malo amene anali ozizira pamene munkanyamuka kupita kuntchito, kumsika kapena kunyanja akhoza kukhala padzuwa loswa mtengo pofika masana. Musanasankhe pomangirira, tengani tsiku limodzi limene muli pakhomo muone malowo cha m'ma 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko, ndipo mutsimikize kuti nthawi zonsezo galu akutha kufika pamthunzi ndi pamadzi popanda kukoka chingwe. Onaninso ngati pali chitsa, mtondo wosinjira kapena mzati umene unyolo ungakulungike, chifukwa galu akazungulira mtengo kangapo unyolo umafupika mpaka kumusiya padzuwa, madzi akuwaona koma osawafikira. Njira yabwino ndi kukoka waya wautali pakati pa mitengo iwiri n'kulowetsamo mphete ya chitsulo imene chingwe cha galu chimangirirepo, kuti azitha kutsatira mthunzi uku ndi uku. Chomangira m'khosi chikhale cha chikopa kapena nsalu yolimba, osati waya, ndipo zala zanu ziwiri zizilowa bwino pakati pa icho ndi khosi.

Pansi pogona pakhale dothi kapena mchenga wa pamthunzi. Galu akakumba dzenje pamenepo musamukalipire, chifukwa akufunafuna dothi lozizira la pansi, ndipo mungamuthandize pothirapo madzi pang'ono m'mawa. Koma malowo azisesedwa tsiku lililonse, pakuti ntchentche imene imabweretsa mphutsi zolowa pakhungu imaikira mazira mumchenga wa pamthunzi umene wadetsedwa ndi mkodzo kapena ndowe, ndipo ana a galu ndi amene imawavutitsa kwambiri. Ziguduli ndi mabulangete amene munamuyalira m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi achotseni.

Madzi akhalepo nthawi zonse, osati pa nthawi ya chakudya yokha

Galu amafunika mamililita 50 mpaka 60 a madzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku. Galu wamba wa makilogalamu 15 amamwa pafupifupi lita imodzi, ndipo kukatentha kwambiri angafune malita awiri. Galu wamkulu wa makilogalamu 50 amafuna malita awiri ndi theka mpaka atatu, pamene woyamwitsa amafuna ochuluka kuposa mlingo wa thupi lake. Madzi otsukira mbale amene timawakhuthulira pansi madzulo sangakwanire, ndiponso amakhala ndi sopo ndi mchere.

Ikani ziwiya ziwiri m'malo awiri osiyana, zonse pamthunzi, kuti chimodzi chikagubuduzika kapena nkhuku ndi abakha zikachidetsa china chikhalepo. Mphika wadothi umaposa mbale yachitsulo ndi beseni la pulasitiki, chifukwa madzi amakhala ozizira monga amachitira mumtsuko, komanso ndi wolemera. Ukumbireni pansi pang'ono kuti galu asaugwetse ndi unyolo. Madzi asinthidwe m'mawa ndi masana, ndipo chiwiyacho chizitsukidwa kuti chisachite ndere kapena kuswetsa udzudzu. Amene ali ndi filiji angaike madzi oundana m'chiwiyamo, koma chofunika kwambiri ndi chakuti madzi asathe.

M'mabanja ambiri a kuno, makamaka a Chisilamu, galu salowa m'nyumba ndipo sakhudza ziwiya za anthu. Mwambo umenewu susemphana ndi malangizo ano, chifukwa chimene chikufunika ndi mphika wakewake wa galu woikidwa kuseri kwa nyumba. Chiphunzitso cha Chisilamu chomwecho chili ndi nkhani yodziwika bwino ya munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chotungira madzi galu waludzu.

Ntchito yothira madzi ipatsidwe kwa munthu mmodzi wodziwika. Pakhomo pa anthu ambiri aliyense amaganiza kuti mnzake wathira kale, ndipo mphika umakhala wouma mpaka madzulo. Mukamapita kumaliro kapena ku ukwati kumene mukagone, musangosiya ndowa yodzaza n'kunyamuka, koma pemphani mnansi kuti azidzaona galuyo masana.

Kuti mudziwe ngati galu akusowa madzi m'thupi, tsinani khungu la pakati pa mapewa n'kulikweza pang'ono. Likabwerera msanga ali bwino, koma likachedwa kubwerera, ndipo nkhama zake zili zouma ndi zomata, madzi achepa.

Sinthani nthawi ya chakudya, ya kuyenda ndi ya ntchito

Mudyetseni m'mawa kwambiri kapena dzuwa litalowa, ndipo musadabwe akamadya pang'ono kuposa kale, chifukwa agalu ambiri amachepetsa kudya kukatentha. Phala la madeya, nsima yotsala ndi msuzi wa usipa zimasasa msanga nyengo imeneyi, choncho zimene wasiya zichotseni pasanathe ola limodzi. Nsomba zothiridwa mchere wambiri musamupatse, chifukwa zimawonjezera ludzu.

Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana galu asathamange, asaphunzitsidwe ndipo asaperekeze munthu ulendo wautali. Musanatuluke naye, ikani kuseri kwa dzanja lanu pa mchenga, pa phula kapena pa simenti n'kuwerenga mpaka 7. Mukalephera kupirira, dziwani kuti mapazi a galu apsa. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndi phula la mumsewu zimatentha kuposa mpweya, ndipo galu wopsa mapazi amatsimphina, amanyambita mapazi kosalekeza, nthawi zina khungu la kunsi limasupuka. Zikatero muviike mapaziwo m'madzi ozizira aukhondo kwa mphindi zingapo, ndipo asayende pouma mpaka atapola.

Galu wokonda mbuye wake sadziwa kuleka. Amathamangira njinga yakapalasa kapena yamoto kuchokera kunyumba mpaka kumsika, ndipo amagwa asanasonyeze kuti watopa. Mukamanyamuka pa njinga masana, onetsetsani kuti wina wamugwira mpaka mutapita kutali. Alenje amene amapita ku uzimba ndi agalu m'chilimwe anyamuke mbandakucha, atenge chigubu cha madzi a agalu paokha, azipumitsa agaluwo pamthunzi pafupipafupi, ndipo asawalowetse pa lupsa limene langozima kumene, pakuti phulusa limabisa makala.

M'galimoto yoimikidwa musasiyemo galu ngakhale mukungolowa m'sitolo, ndipo kutsitsa magalasi pang'ono sikuthandiza, chifukwa mkati mungathe kutentha ndi madigiri 20 kuposa kunja ola limodzi lisanathe. Kumbuyo kwa galimoto yapikiapu chitsulo chimawotcha mapazi, choncho yalani mphasa ndi kuika chotchinga dzuwa. Kunyamula galu kapena ana ake m'thumba lomanga, m'katoni yotseka kapena mu buti ndi kumupha. Ngati pakufunika kumumanga pakamwa, chomangiracho chimulole kuyasamula ndi kutulutsa lilime, chifukwa galu womangidwa kukamwa ndi chingwe kapena mphira alibenso njira yodziziziritsira.

Samalani ndi nyanja

Kusambitsa galu m'nyanja kumamuziziritsa msanga, koma sankhani doko la mchenga, losaya, limene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo galuyo akhale pa chingwe. Mumtsinje wa Shire, m'nyanja ya Malombe ndi paliponse pamene pali mabango ndi bande pamakhala ng'ona, ndipo galu wosambira kapena womwa madzi m'mphepete, makamaka m'mawa kwambiri ndi madzulo, amazikopa. Pamadoko a asodzi pali mbedza zokhala ndi nyambo, zidutswa za maukonde ndi nsomba zoola pansi pa thandala, zonse zimene galu amazithamangira. Zithaphwi zotsalira za madzi obiriwira zimene zimakhalapo mitsinje ikaphwa asamwemo, chifukwa ndere zina za m'madzi oima ofunda zili ndi poizoni. Kwa ambiri njira yosavuta ndi kutunga ndowa n'kukamuthirira kunyumba, kumenenso inu simudziika pa chiopsezo cha likodzo.

Ubweya ndi nkhupakupa

Galu wa ubweya wambiri muzimupesa kawirikawiri kuti ubweya wakufa wa mkati uchoke ndipo mpweya uzifika pakhungu, koma musamumete mpala, chifukwa ubweya wa pamwamba umatchinga dzuwa. Nkhupakupa zimabweretsa matenda amene amachepetsa magazi, ndipo galu wochepa magazi, amene nkhama zake zimaoneka zotuwa, amagonja msanga ku kutentha. Mankhwala ophera nkhupakupa ndi utitiri asungunulidwe monga mwalembedwera pa botolo, ndipo galu asambitsidwe nawo m'mawa kapena madzulo, osati masana. Oilo wakuda wa injini, amene ena amapaka galu wa nkhanambo, ndi poizoni ndipo amamwa dzuwa, choncho asagwiritsidwe ntchito. Nsonga za makutu zimene ntchentche zimaluma mpaka kutuluka magazi zitsukeni n'kupakapo Vaseline.

Zindikirani zizindikiro, ndipo musazisokoneze ndi chiwewe

Galu amene wayamba kugonja amapuma mwawefuwefu osaleka ngakhale atagona pamthunzi, lilime limatuluka lalitali ndi lotambasuka, ndipo iye amasowa mtendere, kudzuka ndi kugona. Zikapitirira, nkhama ndi lilime zimafiira kwambiri, malovu amakhala onanda, amasanza, amatsegula m'mimba nthawi zina mwa magazi, ndipo amayenda modzandira. Pamapeto amagwa, amaphupha ngati wakhunyu, kapena amakomoka.

Pano pali nkhani imene ndikufuna tiimvetse bwino, chifukwa imakhudza moyo wa galu ndi wa munthu womwe. Galu wotuluka dovu ndi wodzandira m'chilimwe anthu amathamangira kunena kuti wachita chiwewe chifukwa cha dzuwa, ndipo ena amamugenda mpaka kufa. Dzuwa siliyambitsa chiwewe. Matendawa amabwera ndi kachilombo kamene kamalowa kudzera m'malovu a nyama yodwala ikaluma ina. Komabe zizindikiro zina zimafanana ndithu, ndipo kulakwitsa mbali inayo, kugwira galu wa chiwewe pomuyesa wotenthedwa, n'koopsa kwambiri.

Dzifunseni mafunso awa. Kodi galuyu anali bwinobwino m'mawa, ndipo pali chifukwa chooneka, monga kukhala padzuwa, kutsekeredwa kapena kuthamanga? Kodi analandira katemera wa chiwewe chaka chino? Ngati mayankho ali inde, n'kutheka kwambiri kuti ndi kutentha, ndipo akathiridwa madzi amayamba kusintha pasanapite nthawi yaitali. Chiwewe chimayamba pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Khalidwe la galu limasintha, mawu ake ouwira amasintha, amaluma mitengo, miyala kapena chilichonse, chibwano chimalendewera, miyendo yakumbuyo imafooka, ndipo kawirikawiri amakhala kuti analumidwapo ndi galu wina masabata apitawo. Musadalire zoti wamwa madzi ndiye kuti alibe chiwewe, chifukwa kuopa madzi ndi chizindikiro cha munthu wodwala matendawa, osati cha galu.

Mukakayika, kapena galuyo akakhala wachilendo, musamugwire kukamwa, chotsani ana, muthireni madzi muli chapatali, ndipo itanani mlangizi wa ziweto. Wina akalumidwa kapena malovu akagwera pabala, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona mmene galuyo athere. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 Seputembala, pamene chilimwe chathu chikuyamba kumene, ndipo ndi nthawi yabwino yofunsa ku ofesi ya zaulimi za katemera wa galu wanu. Galu wobayitsa mumamuthandiza mopanda mantha akagwa ndi dzuwa.

Galu akagwa ndi kutentha: muziziritseni kaye, ulendo pambuyo

Madokotala a ziweto ndi ochepa kuno, ndipo kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposa. Galu amene thupi lake lili pa madigiri 41 sangadikire zimenezo, choncho chithandizo choyamba ndi chanu, ndipo chiyambe nthawi yomweyo.

Choyamba, muchotseni padzuwa kapena m'khola n'kumugoneka pamthunzi podutsa mphepo. Munyamuleni, musamuyendetse, ndipo masulani unyolo ndi chomangira m'khosi.

Chachiwiri, muthireni madzi ozizira ambiri, a pamjigo, a pachitsime, a pampopi kapena a mumtsuko, alionse amene ali ozizira kuposa thupi lake. Ngati paipi yakhala padzuwa, tayani kaye madzi oyamba chifukwa amakhala otentha. Thirani pakhosi, pamimba, m'khwapa ndi pakati pa miyendo yakumbuyo, ndipo pesani ubweya ndi zala kuti madzi afike pakhungu. Galu wamng'ono msinkhu ndi wamphamvu amene sanakomoke mungamuviike m'beseni lalikulu mutagwira mutu wake pamwamba. Wokalamba, wodwala kapena wokomoka musamuviike, koma muzingomuthira, ndipo madzi asalowe m'mphuno ndi m'kamwa.

Chachitatu, wina azimukupiza ndi lichero, katoni kapena fani pamene inu mukuthira, chifukwa madzi amachotsa kutentha msanga akamauma ndi mphepo. Musamufunditse chiguduli kapena thaulo lonyowa, pakuti nsaluyo imafunda msanga n'kutsekera kutentha mkati. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito nsalu yonyowa, iyaleni pansi kuti agonepo.

Chachinayi, ngati akutha kudzutsa mutu ndi kumeza, muikireni madzi pafupi kuti amwe pang'onopang'ono. Musamutsanulire madzi kukamwa mokakamiza, chifukwa angalowe m'mapapo. Musamupatsenso Panado, Brufen kapena aspirin. Kutentha kumeneku si malungo, mankhwalawa sakutsitsa, ndipo amawononga impso, chiwindi ndi m'mimba zimene zavulala kale.

Chachisanu, dziwani polekera. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kapakeni Vaseline n'kukalowetsa pang'ono kumatako, ndipo muleke kuthira madzi kutentha kukatsika kufika pa madigiri 39.5, chifukwa thupi limapitiriza kuzizira lokha. Ngati mulibe, lekani kupuma kukayamba kudekha ndipo galu akuyamba kuzindikira anthu. Akayamba kunjenjemera ndiye kuti mwapitirira, mupukuteni.

Pamene zonsezi zikuchitika, wina aimbire foni mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena dokotala, ndipo nambala yake ndi yofunika kuisunga lero, osati kuifunafuna galu atagwa. Ngati mukupita naye, apite ali wonyowa, magalasi a galimoto ali otsegula, ndipo mutenge chigubu cha madzi owonjezera panjira.

Masiku otsatira

Galu akadzuka n'kugwedeza mchira ngozi sinathe, chifukwa kuvulala kwa impso, matumbo ndi magazi kumatha kuonekera patapita tsiku limodzi kapena atatu. Ngakhale akuoneka kuti wachira, ndi bwino kuti wodziwa za ziweto amuone, makamaka ngati anakomoka kapena kuphupha. Muyang'anitsitseni ngati akukodza, ndipo mkodzo wochepa kwambiri kapena wakuda ngati tiyi ndi chizindikiro choipa. Kusanza kosaleka, ndowe zakuda kapena za magazi, timadontho tofiira pa nkhama kapena pamimba, maso achikasu, ndi kukana chakudya kupitirira tsiku limodzi, zonsezi zikufuna dokotala mwamsanga, pakuti galu wotero amafunika madzi a m'mitsempha amene simungamupatse kunyumba.

Mupatseni chakudya chofewa pang'onopang'ono, monga phala losalala lokhala ndi nsomba yophika yochotsa minga, ndipo apume kwa sabata imodzi kapena awiri osalondera, osathamanga ndi osapita kutchire. Galu amene anagwapo ndi kutentha amagwanso msanga kuposa anzake, choncho kwa chilimwe chonse chotsalacho asabwerere m'khola kapena pomangirira pamene anagwera mpaka mutakonzapo denga, mpweya ndi madzi.